Cigaza ca ku Broken Hill ndi Phanga Limene Linatayika

Pakati pa zinthu zakale zimene zinafukulidwa m'maiko athu ano, palibe cochuka koposa cigaza ca munthu cimene cinapezeka ku Broken Hill, mzinda wa ku Zambia umene tsopano ukuchedwa Kabwe. Mbiri yace iyenera kudziwika kwa inu amene mudzaphunzitsa ana, pakuti isonyeza zimene zimacitika pamene ofuna cuma ca m'nthaka afika pa malo amene asunga mafupa a makedzana.

Miyala ya mtobvu ndi zinki inadziwika kumeneko m'caka ca 1902, ndipo njanje inafika m'caka ca 1906. Pamalopo panali timapiri ta miyala, ndipo pokumba kamodzi ka ito anchito anaboola phanga lalitali lodzala ndi mafupa a nyama pamodzi ndi zipangizo zamwala zosemedwa ndi anthu. Akatswiri awiri, Mennell ndi Chubb, analemba za phangalo m'caka ca 1907. Motero sitinganene kuti eni mgodi sanadziwe cimene cinali m'manja mwao. Koma bvuto linali lakuti mafupawo, pokhala m'nthaka zaka zosawerengeka, anamwerera zinki ndi mtobvu, kotero kuti kwa eni mgodi anali ngati mwala wamalonda. Ambiri a iwo anaponyedwa m'ng'anjo nasungunulidwa.

Pa 17 June 1921, Tom Zwigelaar wa ku Switzerland, pamodzi ndi wanchito wacikuda amene anali kukumba naye, anapeza cigaza pafupi-fupi mapazi 90 pansi pa nthaka. Dzina la Mzunguyo liri m'mabuku onse. La mnzaceyo alembi a masiku amenewo sanasamale kulisunga. Cigazaco cinali ca mphumi yothawira kumbuyo ndi zikope za pfupa lokhuthala kwambiri. Mano ace khumi anali obvunda, ndipo ici ndi cimodzi ca zitsanzo zakale koposa za nthenda imeneyi mwa anthu. Cinatumizidwa ku London, kumene Arthur Smith Woodward anacicha Homo rhodesiensis caka comweco.

Tsono wina angafunse kuti, popeza cigaza cinapulumuka, cinatayika nciani? Yankho lace ndi ili: pfupa palokha limanena zocepa. Wofufuza amafuna kudziwa dothi limene linagonamo, zimene zinali pamwamba pace ndi pansi pace, ndiponso nyama ndi zipangizo zimene zinali pambali pace, cifukwa dothi limaunjikana mosanjikiza, lakale pansi, latsopano pamwamba. Pa Broken Hill panalibe anajambula kapena kuyesa malowo cigaza cisanacotsedwe. Pamene Aleš Hrdlička anafika kucokera ku America m'caka ca 1925, anangodalira kufunsa anchito zimene anakumbukira, ndipo mau ao sanagwirizane konse. Mafupa ena a anthu, monga a mwendo ndi a m'ciuno, anatoledwanso, koma kufikira lero akatswiri satha kutsimikiza onse amene ali a mwini cigaza. Kaphiri kaja kanakumbidwa konse, phanga linatha, ndipo pamalo pace panatsala dzenje lalikuru la madzi.

Cifukwa ca ici, zaka za cigazaco zinakhala zongoganizira kwa nthawi yaitali. Munali m'caka ca 2020, patapita zaka 99, pamene akatswiri, poyesa pfupa lenilenilo ndi tizidutswa ta dothi timene tinapalidwa pa ilo kale, analengeza kuti liri ndi zaka pafupi-fupi 299,000. Nchito imene ikadapepuka phanga likadakhalapo inakhala yolemetsa ndithu.

Lamulo loletsa kuturutsa zinthu zakale m'dzikomo popanda cilolezo linalipo kuyambira 1912, ndipo Boma la Zambia latsamira pa ilo popempha kuti cigazaco cibwezedwe kucokera ku Natural History Museum. Koma kuletsa kuturutsa sikuteteza malo amene cinthu cagona. Malamulo a pambuyo pace anayesa kukonza cimeneci. La ku Zambia la 1989 lilamula wopeza cinthu cakale kuti aimitse nchito pamalopo ndi kudziwitsa akuru oyang'anira, ndipo la ku Malawi la 1990 lifuna kuti omanga adziwitse Boma asanayambe kukumba, kuti ofufuza apulumutse zimene ziri m'nthaka.

Nkhaniyi itikhudza ifenso, pakuti m'boma la Karonga muli nthaka yotere. Kumeneko kunapezeka mafupa a cinyama cacikuru cochedwa Malawisaurus, ndipo pa Uraha, m'caka ca 1991, panatoledwa cibwano ca munthu ca zaka zoposa 2,000,000. Cibwanoco cinapezedwa ndi ofufuza amene analemba bwino malo ace ndi mafupa a nkhumba zakale za m'dothi lomwelo, ndipo mwa mafupa amenewo zaka zace zinadziwika posacedwa.