Mbiri ya Makina Oona M'kati mwa Dzanja

Anzanga acinyamata, munagwapo pa mpira n'kufikira cikhato pansi? Ena amacira msanga, koma ena pamfundo ya dzanja pamawawabe miyezi yambiri, ngakhale X-ray itaonetsa kuti fupa liri bwino. Kodi ululu wotere madokotala anayamba liti kuuona gwero lake?

Nkhaniyi inayambira pa dzanja lomwe. Mu 1895, Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira X-ray, ndipo anajambula dzanja la mkazi wake. Mafupa ndi mphete zinaoneka bwino lomwe, koma minofu ndi mitsinga yomanga mafupa sizinaoneke. Tsono pamfundo ya dzanja pali timafupa 8 tomangidwa ndi mitsinga yotere. Kamodzi mwa ito, kochedwa scaphoid, kakathetheka nthawi zina sikaoneka pa X-ray yoyamba. Popeza magazi amafikako mocepa, mbali ya kafupako ikhoza kufa ngati sikasamalidwa.

Njira ina inacokera kwa akatswiri a sayansi. Mu 1946, Felix Bloch ndi Edward Purcell a ku America anapeza kuti tinthu tating'onoting'ono ta m'kati mwa zinthu tikaikidwa m'maginito amphamvu timayankha mafunde a wailesi. Thupi lathu ndi lodzala madzi, ndipo haidrojeni ya m'madzimo imayankhanso cimodzimodzi. Mu 1973, Paul Lauterbur anasandutsa mayankho amenewa kukhala cithunzi ca timacubu tiwiri ta madzi. Uku ndiko kubadwa kwa MRI.

Ku Nottingham, m'dziko la England, Peter Mansfield anapeza njira yojambulira mofulumira. Munthuyu anasiya sukulu ali ndi zaka 15 nakagwira nchito yosindikiza mabuku, koma anaphunzirabe madzulo mpaka anafika ku yunivesiti. Mu 1977, gulu lina la pa yunivesiti yomweyo ya Nottingham linatulutsa cithunzi ca MRI ca mfundo ya dzanja la munthu. Panali patapita zaka 82 cijambulire Röntgen dzanja lija. Mu 1980, ku Aberdeen anayamba kupimira odwala makinawa, ndipo mu 2003 Lauterbur ndi Mansfield analandira mphoto ya Nobel.

Lero MRI imaonetsa mtsinga wong'ambika, cotupa ca madzi, ngakhale fupa losowa magazi. Sigwiritsa nchito ceza ca X-ray, koma wodwala ayenera kuvula zitsulo zonse ndi kunena ngati ali ndi citsulo m'thupi.

Cotero dzanja likapitiriza kuwawa, musangolimanga nsalu n'kukhala cete. Bwererani ku cipatala mukafotokoze bwino tsiku limene munagwa ndi pamene pakuwawa, kuti dokotala aone ngati pafunika kupimanso.