Mabilinganya pa msika wa ku Mulanje Boma

Mabilinganya si mbewu ya makolo athu. Anayamba kulimidwa ku Asia, ndipo buku la zaulimi la ku China lotchedwa Qimin Yaoshu, la m'zaka za m'ma 500, limafotokoza kale kalimidwe kake. Amalonda achiluya ndiwo anawafalitsa m'maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean ndi kugombe la kum'mawa kwa Afirika. Afirika ali nayo mitundu yakeyake, monga impwa zimene zimadyedwa kwambiri ku Zambia, koma bilinganya lalikulu lofiirira ndi mlendo.

Mulanje sali patali ndi gombe la kum'mawa kwa Afirika. M'zaka za m'ma 1800 njira za malonda za Ayao, zolamulidwa ndi mafumu monga Matipwiri ndi Mkanda, zinkadutsa m'mphepete mwa phiri kulowera ku Quelimane. Mu 1891 Henry Brown anadzala tiyi ku esiteti ya Lauderdale, ndipo esiteti zitachuluka, Alomwe ambiri ochokera ku Mozambique anadzakhazikika kuno. Amwenye nawo anatsegula masitolo m'maboma, ndipo kwa iwo bilinganya ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Boma la Kamuzu Banda linawasamutsira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970, koma mbewuyi inatsala m'madimba. Pamene tiyi anatenga malo ambiri, kadimba ka m'mbali mwa mtsinje n'kofunika kwambiri, ndipo bilinganya limakayenerera chifukwa tsinde limodzi limabereka kwa miyezi ingapo.

Pa msika wa pa Boma ndi ku Chitakale, ndiwo zotere zimagulitsidwa pamilu, osati pa sikelo. Apa ndi pamene panachokera luso losankha. Wogulitsa amafuna mulu wooneka waukulu, choncho ena amachedwa kuthyola kuti mabilinganya akule. Wogula amadziwa kuti lokhwima kwambiri limadzaza njere zolimba ndipo limawawa. Mayi wozolowera msika amaliika m'dzanja kuti amve kulemera, chifukwa lanthete limalemera kuposa mmene likuonekera. Kenako amadina khungu ndi chala chachikulu. Pakabwerera msanga, ndi labwino; pakatsala kadzenje, lagonera; likakana kudinika ndipo khungu lasiya kuwala n'kuyamba chikasu, lakhwimitsa. Timasamba ta kumutu kwake tizikhala tobiriwira, osati touma. Kabowo kakang'ono pakhungu ndi chizindikiro cha mbozi m'kati, ndipo otere ndi amene kawirikawiri amaperekedwa ngati banyira.

Ena amati pali bilinganya lalimuna ndi lalikazi, ndipo lalimuna, lokhala ndi kachipsera kozungulira kunsi, lilibe njere zambiri. Zimenezi si zoona, popeza chipatso chilichonse chimachokera ku duwa lokhala ndi ziwalo zonse ziwiri. Chimene chimasiyanitsa ndi mtundu wa mbewu ndi nthawi yothyolera. Mlimi wofuna kusunga mbewu amasiya dala zipatso zingapo pa tsinde mpaka zitachita chikasu, n'kuchotsa njere, kuzitsuka ndi kuziyanika pamthunzi.