Shokuiku: Maphunziro a Kadyedwe m'Sukulu za Pulayimale ku Japan

Shokuiku ndi liwu la Chijapanizi lotanthauza kulera munthu kudzera m'chakudya. Masiku ano ndi dzina la ndondomeko imene dziko la Japan limatsata pophunzitsa anthu ake, makamaka ana a kupulayimale, kusankha bwino chakudya, kudziwa mlingo wokwanira thupi ndiponso kuzindikira kumene chakudyacho chachokera. Chimodzi mwa zolinga zake ndi kuteteza ana kuti asanenepe mopitirira muyeso, vuto limene limatsegulira njira matenda a shuga, a mtima ndi kuthamanga kwa magazi munthu akadzakula. Vutoli lafala kwambiri: bungwe la World Health Organization linapeza kuti mu 1990 ana 8 mwa 100 alionse a zaka 5 mpaka 19 padziko lonse anali onenepa kuposa muyeso, koma pofika mu 2022 anali 20 mwa 100 alionse.

Chiyambi chake

Liwu la shokuiku ndi lakale. Ishizuka Sagen, dokotala wa asilikali, analigwiritsa kale ntchito m'mabuku ake cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Nako kudyetsa ana pasukulu akuti kunayamba mu 1889 mumzinda wa Tsuruoka, m'chigawo cha Yamagata, kumene sukulu ina ya pakachisi wa Chibuda inkapatsa ana osauka mpunga woumba, nsomba yootcha ndi masamba osungidwa mumchere. Nthawi imeneyo mdani inali njala. Njala yomweyo, itakula pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndiyo inabala lamulo la nkhomaliro ya pasukulu la 1954.

Dzikolo litalemera, mavuto anasintha. Ana ena ankapita kusukulu osadya kadzutsa, ena ankadya okhaokha makolo ali kuntchito, ndipo zakudya zogula zamafuta ndi shuga zinachuluka. Mu 2005 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lalikulu la shokuiku, limene m'mawu ake oyamba limatchula kunenepa, kudya mosatsata nthawi, komanso mtima wofunitsitsa kuwonda. M'chaka chomwecho munayamba udindo watsopano wa mphunzitsi wa kadyedwe, munthu wodziwa za zakudya amene alinso ndi chiphaso cha uphunzitsi. Mu 2008 lamulo la nkhomaliro lija linakonzedwanso kuti linene poyera kuti chakudya cha pasukulu ndi mbali ya maphunziro.

Nkhomaliro ngati phunziro

Apa ndiye pagona mphamvu ya ndondomekoyi. Pafupifupi sukulu zonse za boma za pulayimale zimapereka nkhomaliro yotchedwa kyushoku. Makhonsolo amalipira ophika ndi kusamala makhitchini, ndipo mwa lamulo makolo amalipira zophikidwazo, ngakhale kuti makhonsolo ambiri ayamba kulipira zonse. Chakudya chimakhala chimodzi kwa onse: mpunga kapena buledi, nsomba kapena nyama, ndiwo zamasamba, msuzi ndi mkaka. Chimayezedwa kuti chipatse mwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu zimene thupi lake limafuna patsiku. Mwana amene thupi lake limadana ndi zakudya zina amamuganizira mwapadera, koma wongofuna zokoma alibe kolowera, chifukwa m'sukulu zambiri saloleza kubwera ndi maswiti kapena zakumwa zotsekemera.

Nthawi ikakwana, ana amene ali pantchito sabata imeneyo amasamba m'manja, n'kuvala zoyera ndi zipewa, n'kukatenga miphika. Iwowo ndiwo amagawira anzawo. Mwana wa zaka 7 amene wagwira chipande, akuyesetsa kuti mphika umodzi ukwanire kalasi yonse, amaphunzira mlingo wa chakudya ndi manja ake, zimene chithunzi cha pabolodi sichingamuphunzitse. Aphunzitsi amadyera limodzi ndi ana m'kalasi momwemo, chakudya chake chomwecho. Asanadye onse amanena kuti "itadakimasu", mawu olandira chakudya mothokoza, ndipo akatha amachotsa mbale ndi kupukuta matebulo okha.

Zophunzira m'mabuku zimatsamira pa mbale imeneyi. Ana aang'ono amaphunzira magulu atatu a zakudya potengera mitundu: zofiira zomanga thupi, zachikasu zopatsa mphamvu, zobiriwira zoteteza ku matenda. Kenako amayang'ana m'mbale mwawo n'kutchula gulu la chilichonse chimene chilimo. Sukulu zambiri zili ndi kadimba, ndipo zina zimaitana alimi a m'deralo kudzacheza ndi ana amene akudya zokolola zawo. Mwezi uliwonse makolo amalandira pepala losonyeza zimene ana adzadye tsiku ndi tsiku, motero phunzirolo limafika mpaka kukhitchini ya kunyumba. Kuyambira mu 2006 palinso kampeni ya dziko lonse yolimbikitsa kugona msanga, kudzuka msanga ndi kudya kadzutsa.

Kuyeza ndi zotsatira

Chaka chilichonse ana onse amayezedwa msinkhu ndi kulemera kwawo. Mwana amene wapitirira kulemera koyenera msinkhu wake ndi magawo 20 pa 100 kapena kuposa amawerengedwa kuti wayamba kunenepa, ndipo pa zaka 11 ana otere amakhala pafupifupi mmodzi mwa khumi alionse. Pakati pa mayiko olemera, Japan ili m'gulu la amene ana ake onenepa ndi ochepa. Sikungakhale kulondola kunena kuti shokuiku yokha ndiyo yachita zimenezi, pakuti ana ambiri kumeneko amayendanso pansi popita kusukulu. Komabe sukulu zitatsekedwa mu 2020 chifukwa cha COVID-19, nkhomaliro ndi kuyenda kuja n'kuima, chiwerengero cha ana onenepa chinakwera.

Poyerekeza ndi zimenezi, kafukufuku wa ku England akusonyeza kufooka kwa ndondomeko za m'sukulu za kanthawi kochepa. M'tauni ya Christchurch, ku Dorset, ofufuza anatsata ana 644 a m'sukulu zisanu ndi imodzi, ena mwa iwo ataphunzitsidwa kuchepetsa zakumwa zotsekemera. Chitatha chaka kusiyana kunaoneka, koma patapita zaka zina ziwiri kunali kutazimiririka. Kafukufuku wamkulu wotchedwa WAVES, wa m'sukulu 54 za ku West Midlands, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2018, sanapeze kusintha kwenikweni pa kulemera kwa ana. Ku Japan phunziro limabwera tsiku lililonse la sukulu kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana amalidya.

Zodandaulitsa

Si sukulu iliyonse imene ili ndi mphunzitsi wake wa kadyedwe. Ambiri amayendera sukulu zingapo. Dandaulo lina ndi la aphunzitsi okakamiza mwana kumaliza zonse za m'mbale, nthawi zina kumusiya yekha pampando anzake atapita kukasewera. Mchitidwe umenewu umapha cholinga chenicheni cha shokuiku, chifukwa mwana wokakamizidwa amaleka kumvera mimba yake ikamamuuza kuti wakhuta, ndipo ena amafika poopa kudya pagulu. Aphunzitsi ambiri tsopano amalola mwana kupempha kuti amuchepetsere chakudya asanayambe kudya.