Kuchokera ku thangata kufika ku utenanti: mbiri ya thukuta la m'minda ya fodya

Mawu akuti thangata poyamba anali a ulemu. Makolo athu ankathangatana kulima, kumanga nyumba ndi kukolola, ndipo wothangatidwa lero ankathangata mnzake mawa. Atsamunda atatenga malo aakulu kumapiri a Shire m'zaka za m'ma 1890, anatenganso mawuwa ndi kuwapatsa tanthauzo lina: munthu wokhala pamalo a mzungu azimugwirira ntchito m'malo mwa lendi. Mbiri ya ntchito yokakamiza m'Malawi yayenda motero. Dzina lakhala likusintha, koma zinthu ziwiri sizinasinthe, ngongole yomanga wantchito ndi mkhalapakati amene amabisa nkhope ya wopindula.

Ife Asilamu sitingalankhule za mbiriyi ngati anthu ongoonerera. A Jumbe a ku Nkhotakota, amene anakhazikika kunyanja m'zaka za m'ma 1840, anabweretsa Chisilamu m'deralo, komanso ankachita malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo njira zawo zinkadutsa m'dziko la Mwase Kasungu. Boma la atsamunda linagonjetsa Mwase mu 1895 ponena kuti likuthetsa ukapolo. Koma boma lomwelo linakhazikitsa msonkho wa nyumba, umene unkakankhira anthu kukagwira ntchito kwa azungu kuti apeze ndalama yolipirira.

Kumwera thangata linapweteka kwambiri. Pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, munthu ankayenera kugwira mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, koma wowerenga masiku anali kapitawo, ndipo mwezi unkatalika monga momwe bwana wafunira. Ntchitoyo inkagwa nthawi ya dzinja, pomwe munthu akanalima munda wake. Ambiri mwa ozunzikawo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, amene analibe kwina kolowera. Mkwiyo umenewu ndi umodzi mwa mizu ya kuukira kwa John Chilembwe pa 23 Januwale 1915, pomwe woyang'anira esitetiyo, William Jervis Livingstone, anaphedwa. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, dziko likuyandikira ufulu.

Koma m'chigawo chapakati munali mutamera kale njira ina. M'zaka za m'ma 1920, A. F. Barron ndi R. W. J. Wallace anayamba kulimitsa fodya m'dera la Lilongwe, ndipo m'maesiteti munakhazikika dongosolo la matenanti. Mwini malo amapereka munda, mbewu, zipangizo ndi chakudya pangongole. Tenanti amalima ndi banja lake lonse, n'kugulitsa fodyayo kwa mwini malo yekha. Dziko litalandira ufulu mu 1964, dongosololi linakula kwambiri. Lamulo la mbewu zapadera linasiya fodya wa bale ndi wa fuluu m'manja mwa eni maesiteti ndi alimi ochepa ovomerezedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 zigwa za Kasungu zinadzaza ndi minda ya makampani monga Press Farming ndi General Farming, ya nduna ndi ya akuluakulu a boma. Alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990, koma utenanti unapitirira, pakuti nawonso alimi apakati anayamba kulemba matenanti awo.

Kodi matenantiwo amachokera kuti? Ambiri ndi a ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi, kumene malo olima ndi ochepa. Ena ndi abale athu amene tinkaswali nawo pamzere umodzi. Amatengedwa ndi mkhalapakati pagalimoto, ndipo mtengo wa ulendowo ndiwo mzere woyamba m'kabuku ka ngongole. Kenako pamabwera ndowa ya chimanga, mchere, feteleza, khasu ndi ndalama ya kuchipatala. Kuyambira kunazale mpaka kusoka fodya, kupachika m'zigafa ndi kusankha masamba, pamapita miyezi yambiri popanda malipiro, ndipo ntchito ikachuluka ana amasiya sukulu ndi madrasa kuti athandize. Mabelo akagulitsidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena Kanengo, mwini munda amachotsa ngongole pamtengo umene wadziikira yekha. Wotsala wopanda kanthu sangabwerere kwawo, choncho amayamba chaka china. Unyolo wake ndi wa inki, koma umagwira ngati wachitsulo.

Malamulo sanakhale chete. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko a 1994 limaletsa ukapolo ndi ntchito yokakamiza, ndipo lamulo la zolemba ntchito la 2000 limabwereza zomwezo. Chimene chinagwedeza anthu, komabe, ndi msika. Pa 1 Novembala 2019, nthambi ya kasitomu ya dziko la America inalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha malipoti a ntchito yokakamiza ndi ya ana; makampani ena anadzaloledwanso atasonyeza momwe amalondolera minda imene amagulako. Mu 2020 alimi ndi ana awo anasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands kukhoti lalikulu ku London, ngakhale makampaniwo amakana mlanduwo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolemba ntchito ndi kuletsa utenanti. Apa panaonekera mfundo yatsopano: wogula sangadzitchinjirize ponena kuti tenantiyo sanamulembe iye.

Ophunzira fiqh amadziwa kuti mgwirizano wa ntchito suyenera kukhala ndi mdima. Malipiro, nthawi ndi mtundu wa ntchito ziyenera kudziwika pachiyambi, ndipo Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anaphunzitsa kuti wantchito alipidwe mosachedwa. Utenanti umalephera pa zonsezi, chifukwa tenanti sadziwa mtengo wa zimene akukongola kapena wa fodya amene akulima.

Phunziro la mbiriyi silithera m'munda. Lero maofesi, mabanki, masukulu ndi masitolo ambiri salemba okha anthu osesa, okolopa ndi alonda. Amalemba kampani, kampaniyo n'kulemba anthu. Mkhalapakati wabweranso. Amene amasankha kampani yotsika mtengo kwambiri osafunsa kanthu ayenera kudziwa kuti kutsika mtengoko pali amene akukulipira. Mafunso ake ndi osavuta. Kodi wantchito ali ndi mgwirizano wolembedwa m'chiyankhulo chimene amamva? Kodi amalandira malipiro osachepera amene boma linakhazikitsa, pa tsiku lake? Kodi amadulidwa ndalama ya yunifolomu ndi zida? Kodi chiphaso chake cha unzika chili m'thumba mwake, kapena chili m'kabati ya bwana? Kodi angasiye ntchito popanda kutaya malipiro ake?

Makomiti a mizikiti, eni masitolo ndi eni minda a ku Kasungu angayambe kufunsa mafunsowa mwezi uno, kwa wantchito mwiniwake, bwana wake palibe. Lamulo la 1962 linafafaniza thangata ndipo la 2021 linafafaniza utenanti, koma kabuku ka ngongole kadzatsekedwa pokhapokha wopindula ndi ntchito akavomera kukawerenga.