Kufinya n'kwina, kudulira n'kwina

Imani pang'ono pa benchi la okonza mafoni pa Boma la Chiradzulu, mumva dandaulo limodzi mobwerezabwereza: "Memory yadzaza." Wina akunena kuti nyimbo ndi zithunzi zamuthera malo. Wina foni yake ikungouma akatsegula WhatsApp. Matenda awiri apatsidwa dzina limodzi, n'chifukwa chake munthu amataya ndalama kugula memory card pomwe vuto lili kwina.

Chichewa chathu chimatha kusiyanitsa. Pali posungira, ndiye pali pogwirira ntchito, pamene akatswiri amati RAM. Posungira ndi nkhokwe, pogwirira ntchito ndi lichero: chimanga chichuluke bwanji m'nkhokwe, mayi amapeta chokwana m'lichero basi.

M'foni iliyonse ya Android muli Linux, yomwe Linus Torvalds adayamba kulemba mu 1991. Ndiyo imagawa RAM, kusinthanitsa mapulogalamu ndi kulankhula ndi batire, kamera ndi sikirini. Pa Chingerezi amati kernel. Womasulira wothamangira dikishonale alemba kuti "njere", koma njere siigwirizira kanthu. Ine ndikuti tizinena kuti phata, monga timanenera phata la nkhani.

Tsono kachipangizo ka malo ochepa kamafuna phata laling'ono, ndipo apa mawu akuti "kuchepetsa" amabisa ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kufinya. Phata lofinyidwa limadya malo ochepa posungira, koma makina akangoyatsidwa limafunyululuka lonse mu RAM, ukulu wake womwe uja. Yachiwiri ndi kudulira: mmisiri asanamange phata, amachotseratu zonse zimene kachipangizoko sikadzagwiritsa ntchito. Ngati kalibe kamera, malangizo oyendetsera kamera atsaliranji? Chodulidwa sichibwerera, ndipo RAM imapuma. Mphunzitsi akauza ana kuti "timachepetsa phata" osanena njira yake, wawabisira chinthu chenicheni chofunika kudziwa.

Izi si za kunja kokha ayi. Mu 2001, Gerry Douglas ndi anzake a Baobab Health adayamba kuika timakompyuta togwira pa sikirini m'chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero timati Kamuzu Central. Tinali timakina totchipa totchedwa i-Opener, ndipo posungira pake panali pa mamegabaiti 16 okha, malo oti lero kavidiyo kamodzi ka pa foni kangawadzaze. Mmenemo ndimo munkayenera kukwana zonse zoti makinawo adzuke n'kuyamba kulembera odwala.

Aphunzitsi a kompyuta m'sukulu za sekondale za m'boma muno, inunso amisiri a pa benchi, munthu akati "memory yadzaza", mufunseni kuti ndi posungira kapena pogwirira ntchito, musanamugulitse kalikonse.