1953: Chisoti ku London, Chitaganya ku Nyasaland

Mabuku a kunja akamakumbukira 1953 amayambira pa 2 Juni, tsiku lomwe Mfumukazi Elizabeth II anavekedwa chisoti chaufumu ku Westminster Abbey, anthu miyandamiyanda akuonerera pa wailesi yakanema. M'mawa wa tsiku lomwelo, anthu a ku London anamva uthenga woti Edmund Hillary ndi Tenzing Norgay anaponda nsonga ya phiri la Everest pa 29 Meyi. Akuti maiko onse olamulidwa ndi Britain anali pa chikondwerero. Mawu amenewa amachepa mphamvu akafika ku Thyolo.

Zikuluzikulu zinachitikadi. Joseph Stalin anamwalira pa 5 Malichi, ndipo pa 27 Julayi mfuti zinaleka kulira ku Korea. Pa 25 Epulo, magazini ya Nature inasindikiza kankhani kakafupi ka James Watson ndi Francis Crick a ku Cambridge kofotokoza maonekedwe a DNA, chija chimachititsa mwana kutengera makolo ake: nkhosi ziwiri zopotana ngati chingwe cha khonje. Chithunzi cha X-ray chomwe chinawatsegula maso chinachokera kwa gulu la Rosalind Franklin ku King's College London, koma mayiyu anamwalira mu 1958, mphoto ya Nobel ya ntchitoyi isanaperekedwe mu 1962. Ku Paris, Camara Laye wa ku Guinea anatulutsa L'Enfant noir, buku lonena za ubwana wake pakhomo pa bambo wosula zitsulo ndi golide. Ku Kenya, Jomo Kenyatta anagamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuno kwathu liwu la chakacho linali limodzi: chitaganya.

Maganizo ophatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia anayamba kumveka cha m'ma 1920, ndipo nthawi zonse eni nthaka ankati toto. Anali ndi chifukwa. Amuna zikwizikwi anali atagwirapo ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia, ndipo malamulo a zitupa ndi tsankho la kumeneko anadzionera okha. Kumayambiriro kwa 1953 mafumu anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi, koma anabwerako osamuona. Pa 9 Epulo, ovota a ku Southern Rhodesia, pafupifupi onse azungu, anavomereza maganizowo. Pa 1 Ogasiti chitaganya chinabadwa, likulu lake ku Salisbury. Cholakwika chinagona pamenepa: ochepa anagamula za ambiri, n'kumayesa kukana kwa anthu umbuli chabe.

Ku Ntcheu, potsutsa chitaganyachi, Inkosi ya Makosi Gomani II inali itauza kale anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe, aja okakamiza alimi kuunda migula, wokana n'kulipitsidwa chindapusa. Anaimitsidwa ufumu mu Meyi, ali wodwala, nathawira ku Mozambique, koma anabwezedwa. Anamwalira chaka chotsatira.

Kum'mwera bala linali lakale. Mabanja okhala m'minda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje ankalipira lendi kapena kugwira thangata pa nthaka yomwe ankaiona tsiku ndi tsiku ili gone, pomwe iwo akuthithikana m'timinda tosakwana. Mu Ogasiti, pa esiteti ina, anthu awiri anagwidwa powaganizira kuti aba malalanje. Mphekesera inawanda yoti aphedwa. Khamu linasonkhana, anthu anasiya ntchito, misewu inatsekedwa ndi mitengo, mawaya a lamya anadulidwa, ndipo chipwirikiti chinafalikira m'maboma oyandikana nawo. Pomwe bata linkabwerera, Amalawi 11 anali atafa, ena 72 atavulala. Malalanje aja anali kamoto chabe. Udzu unali utauma kalekale ndi njala ya nthaka, thangata ndi mantha oti chitaganya chidzalanda ngakhale pang'ono pomwe panatsala.

Nyasaland African Congress, yomwe inalimbikitsa anthu kusagwirizana ndi boma, inaimitsa ndondomekoyo imfazi zitachitika, ndipo inafooka kwa kanthawi. Achinyamata omwe anaidzutsa, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, ndiwo anaitana Dr Hastings Kamuzu Banda, yemwe mu 1953 momwemo anali atachoka ku London kupita ku Gold Coast. Anafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Thangata linathetsedwa mu 1962, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963, chili ndi zaka khumi.