Kuchokera pa lithium ya Cade kufika pa njira ya Hayes

Mu 1949, John Cade, dokotala wa ku Melbourne, anaonetsa kuti mankhwala a lithium amakhazika pansi odwala matenda a maganizo a bipolar akatakasuka mopyola muyeso. Mankhwalawa amachepetsanso kudzipha, koma saphunzitsa munthu chochita ganizo loipa likamugwira. Mpata umenewu ndi umene njira yothandizira maganizo yotchedwa ACT, yomwe Steven Hayes anayambitsa ku America m'ma 1980, imayesa kutseka: wodwala amaphunzira kuvomereza ganizo ndi kuliona ngati ganizo chabe, osathamangira kulichita. Ena amati kuvomereza ganizo lodzipha n'kuligonjera. Ayi ndithu, chimene wodwala amavomereza n'chakuti ganizolo lafika, osati zimene likumulamula. Komabe kafukufuku wa ACT pa bipolar akadali wochepa, choncho njirayi singalowe m'malo mwa lithium.